Hotela yomwe tinagonamo ku Serfaus pokaphunzira ski ndi ana aang'ono

Mukamasankha hotela yokagonamo ndi ana amene sanavalepo ski, timatabwa tomanga kumapazi potsetsereka pa chipale chofewa, zithunzi za dziwe losambira ndi makandulo a patebulo muziike kaye pambali. Funso loyamba likhale ili: kuchokera pomwe mwana wavalira mabuti a ski kukafika pomwe aphunzitsi ake akumudikira, pali mtunda wotani, ndipo njirayo ndi chitunda kapena chitsetse? Hotela yomwe tinagonamo ku Serfaus, m'chigawo cha Tyrol ku Austria, ndikuiyamikira kwambiri pa mfundo imeneyi. Pa zina ndili ndi madandaulo, n'chifukwa chake dzina lake ndalisunga, koma zomwe ndinaona zikuthandizani poyesa hotela ina iliyonse ya m'mudzimo.

Tinanyamuka ku Manchester Loweruka, pa holide ya ana ya mwezi wa February: ine, bambo a kunyumba, mtsikana wathu wa zaka 7 ndi mlongo wake wa zaka 4. Tonse anayi tinali ophunzira. Ndege inatera ku Innsbruck, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Serfaus ndi makilomita pafupifupi 90. Chigawo chomaliza cha msewu ndi chokhotakhota, chokwera phiri kuchoka m'chigwa cha mtsinje wa Inn, choncho ngati mwana wanu amasanza m'galimoto, jumbo ikhale pafupi.

Mudziwo uli pamtunda wa mamita 1,427, kutsikirako pang'ono poyerekeza ndi boma la Dedza, ndipo ndi umodzi mwa midzi itatu, Serfaus, Fiss ndi Ladis, yomwe njira zake zotsetserekamo zimalumikizana n'kukwana makilomita 214. Nambala imeneyo isakukopeni. Wophunzira wokhala ndi ana amathera sabata yake pa kamalo kakang'ono, pa njira za mtundu wa buluu, zomwe ku Austria ndiye zosavuta kwambiri. Chomwe chinatikoka ife n'china: pansi pa msewu waukulu wa mudziwo pali kasitima. Kanayamba kuyenda mu 1985, njira yake ndi mamita 1,280 basi, kali ndi masiteshoni anayi, ndipo salipiritsa. Kamachokera pamalo oimikapo magalimoto kumayambiriro kwa mudzi n'kukathera pomwe pamayambira magondola, tizipinda tija tolendewera pa chingwe chachitsulo tokweza anthu kuphiri. Chifukwa cha kasitimaka, mumsewu magalimoto ndi ochepa kwambiri, moti mwana ukhoza kumusiya dzanja osagunda mtima.

Hotela yathu inali pafupi ndi siteshoni ya Kirche, ya patchalitchi. Kutuluka pakhomo, kuyenda pang'ono pamalo osakwera, kutsika pansi, kukwera kasitima, n'kukatsikira ku Seilbahn, siteshoni ya kumagondola. Koma chimene chinatipulumutsa kwenikweni n'chakuti eni hotelayo anatikonzera loko, kutanthauza kakabati kokhoma, pamalo osungira katundu wa ski kumagondola komweko. Ndiye kuti ski, ndodo, mabuti ndi zipewa zolimba zija zinkagona kumeneko. M'mawa tinkachoka ku hotela titavala nsapato wamba, manja ali lende, n'kukavalira zonse kumapeto kwa ulendo.

Amene simunavalepo mabuti a ski simungaone kukula kwa nkhaniyi. Ndi apulasitiki wolimba, olemera, ndipo sapindika pa kakolo. Munthu amayenda ngati amuika pulasitala miyendo yonse iwiri. Tsono taganizani mwana wa zaka 4 atavala zimenezo, pa msewu woterera, inu mutanyamula ski zanu, zake ndi za mkulu wake. Ndinkawaona makolo ena ochokera ku mahotela a kumtunda kwa mudzi akufika thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira koopsa, mwana ali pa phewa akulira, sukulu isanayambe n'komwe. Hotela zina zimalemba kuti zili pa mamita 300 kuchoka ku gondola. Alembereni, muwafunse ngati mamitawo ndi okwera, ngati pali masitepe, komanso ngati angakupezereni loko kumagondola. Yankho la mafunso atatu amenewa ndi lomwe lidzakuuzeni mmene m'mawa uliwonse udzakhalire.

Kumuveka mwana wamng'onoyo mabuti inali ntchito payokha. Amakhala pa benchi, iwe wagwada, wamasula zomangira zonse, wakoka lilime la buti kutsogolo, iye aimirire n'kukankha chidendene mpaka chimveke kuti chafika pansi. Sokosi ikhale imodzi yokha, yaitali, yopanda makwinya, ndipo buluku lamkati lisalowe m'butimo, apo ayi pofika masana msongolo watupa. Mabuti ogona pamalo ofunda amalowa mosavuta, ogona pozizira amauma gwa, ndipo malokowo anali ndi timipope totulutsa mpweya wotentha touma nato mabuti ndi magolovesi usiku. Ukamaliza zonse, wamanga chipewa, wamuveka magolovesi, ndi pamene amati, "Amayi, ndikufuna kukodza." Chimbudzi chinali pafupi pomwepo, ndipo ndinathokoza amene anaganiza zimenezo.

Sukulu ya ski si ya hotela, imalipiridwa payokha, koma mayi wa pa resepishoni anatithandiza kulembetsa tisanafike n'kutiuza nthawi ndi malo okumanirana. Ana amaphunzirira ku Kinderschneealm, bwalo lawolawo lomwe lili kumtunda, pokwera gondola ya Komperdell. Kuli malamba oyenda okha omwe mwana amangoimapo ndi ski zake n'kumukweza kachitunda, ndipo kuli Murmli, kanyama ka m'mapiri a Alps komwe ndi chizindikiro cha ana ku Serfaus, munthu atavala chovala chake n'kumavina nawo. Aphunzitsi amawauza kuti apange "pizza", kutanthauza kusonkhanitsa nsonga za ski kutsogolo kuti aime. Mtsikana wathu anagwira msanga, moti pofika pakati pa sabata ankatsika yekha m'mizere ya anzake, manja ali pa mawondo. Wamng'onoyo ankakondwa m'mawa, koma akadya nkhomaro mphamvu zinkamuthera.

Apa ndi pomwe hotelayo inandikhumudwitsa. Pa intaneti analemba kuti ali ndi osamalira ana tsiku lililonse. Zoona alipo, koma chipinda cha anacho chinkatsegulidwa madzulo, anthu akamabwera kuphiri. Pakati pa nkhomaro ndi nthawi imeneyo panalibe womusiyira mwana. Ife akulu tinalinso ndi maphunziro athu masana, choncho tinkasinthana: lero ine nditsike naye, mawa bambo ake. Ndalama za maphunziro a masanawo zinapita, theka sitinaphunzire. Ngati nonse awiri muli ophunzira ndipo muli ndi mwana wosafika zaka 5, funsani maola enieni, msinkhu womwe amalandira, komanso ngati osamalirawo amalankhula Chingelezi. Athuwo anali atsikana achifundo kwambiri, koma masewera ndi nyimbo zambiri zinali m'Chijeremani, ndipo mwana wathu tsiku loyamba anangokhala pakona ndi tizidole. Kenako anazolowera, poti ana sachedwa kupeza anzawo.

Dandaulo lachiwiri ndi chipinda. Tinalipira chomwe anachitcha chipinda cha banja, n'kupeza kuti ndi chipinda chimodzi chachikulu, mabedi a ana ali kuseri kwa katani. Ana otopa amagona 7 koloko. Ndiye kuti ife tinkakhala mumdima, kulankhula monong'ona, wina akuwerenga pa foni m'bafa. Chomwe mukufuna ndi chipinda cha ana chokhala ndi chitseko chake. Musakhutire ndi dzina, pemphani chithunzi kapena pulani ya chipindacho. Munalibenso ketulo, zomwe si zachilendo ku mahotela a ku Austria, koma kwa ife ozolowera tiyi wa m'mamawa ndi phala la ana zinativuta. Titapempha anatibwereka, osanyinyirika. Mbali yabwino, chipindacho chinali chaukhondo kwambiri, chofunda, chokhala ndi zokolekapo zovala zambiri, ndipo zonyowa zinkauma usiku umodzi.

Kutentha kwa m'nyumba pamodzi ndi mpweya wouma wa kuphiri kumawononga khungu. Ana athu milomo inang'ambika, masaya anatuwa. Tengani Vaseline wokwanira, ndipo mafuta oteteza ku dzuwa musawasiye poganiza kuti ife akhungu lakuda sitipsa. Dzuwa la kumtunda likamenya pa chipale limabwerera kumaso, ndipo mphuno imasupuka. Mtsikana ndinamuluka mizere yogona yopita kumbuyo, yopanda mikanda, kuti chipewa cholimba chikhale bwino pamutu. Ku Tyrol lamulo silikakamiza ana kuvala chipewachi ngati mmene zilili m'zigawo zambiri za Austria, koma sindinaone mwana ndi mmodzi yemwe wosavala, ndipo wanu asakhale woyamba.

Za chakudya ndilibe mawu oipa. Tinalipira dongosolo la kadzutsa ndi mgonero, lomwe amalitcha Halbpension, ndipo madzulo pobwera kuphiri pankakhala supu, buledi ndi keke. Nthawi imeneyo ana amakhala ndi njala yoopsa, moti kakudya kameneko n'kofunika kuposa mgonero weniweniwo. Mgonero wa akulu ndi wautali, mbale imodzi ikachoka kubwera ina, kupitirira ola ndi theka, ndipo palibe mwana wa zaka 4 angapirire. Mwamwayi ana anali ndi tebulo lawo lodzitengera okha lomwe linkayamba msanga: schnitzel (nyama yopyapyala yokazinga), spageti, mbatatesi, ndiwo zamasamba zowiritsa. Tsiku lina kunali Kaiserschmarrn, chikondamoyo chofewa chodulidwa tizidutswa, chowazidwa shuga, chodyera limodzi ndi maapozi ophika, ndipo wamng'ono uja anabwereza kawiri. Bambo awo, omwe sabata yopanda nsima imawatalikira, anakondwa usiku womwe kunabwera polenta, chakudya cha chimanga chofanana ndi nsima, ndi nyama ya msuzi. Zakumwa za patebulo amalipiritsa padera, ndipo zimaunjikana mwakachetechete pa bilu ya chipinda.

M'chipinda chodyeramo anthu akuda tinali ife tokha. Ndikudziwa kuti ambiri mumafuna kumva zimenezi musanalipire. Ogwira ntchito anatilandira bwino kwambiri, bambo wina woperekera zakudya anaphunzira mayina a ana athu tsiku loyamba lomwelo n'kumawaitana molondola sabata yonse. Ana ena ankayang'anitsitsa, kamtsikana kena kanafuna kugwira tsitsi la mwana wathu, mayi ake anakaletsa mwaulemu. Palibe chinatipweteka mtima. Komabe mwana wanu mukonzekeretseni kuti mwina m'gulu lake la ski adzakhala yekha wooneka chonchi, kuti zisamudzidzimutse.

Dziwe losambira linali laling'ono koma lofunda, ndipo ana ankalowamo tsiku lililonse asanadye. Chenjezo kwa amayi anzanga: ku Austria mu sauna, chipinda chotentha chotulutsiramo thukuta, nthawi zambiri anthu amalowa osavala, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo kawirikawiri ana saloledwa mbali imeneyo. Pa hotela yathu chitseko cha sauna chinali moyandikana ndi cha dziwe, chikwangwani chake chaching'ono. Onetsetsani chitseko choyenera ana asanathamangire kutsogolo.

Ulendowu si wotchipa, ndipo sabata ya holide ya February ndi yomwe mitengo imakwera kwambiri. Ena amawatulutsa ana kusukulu mu January kuti apeze zotsika, koma ku England kuyambira mu August 2024 chindapusa ndi mapaundi 80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimafika 160 mukapanda kulipira m'masiku 21. Pa mtengo wa hotela muwonjezere sukulu ya ski, kubwereka ski ndi mabuti, matikiti a magondola, galimoto yochoka kubwalo la ndege, ndi msonkho wa alendo wotchedwa Ortstaxe womwe umawerengedwa pa usiku uliwonse. Pogula matikiti tengani mapasipoti a ana, chifukwa mtengo umatengera chaka chobadwa. Zovala musagule zatsopano, ana amazikula chaka chimodzi. Ife tinabwereka kwa anzathu a kutchalitchi, tinangogula masokosi ndi magolovesi.

Amene mukuyendera pasipoti ya Malawi mukufunika visa ya Schengen, yolowera ku Austria ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, ngakhale muli ndi chilolezo chokhala ku Britain. Kuyambira mu June 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa wamkulu, 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo osafika zaka 6 salipira. Amafuna kalata yotsimikiza malo ogona komanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Hotela yathu inatumiza kalatayo tsiku lomwe tinaipempha, mayina onse anayi atalembedwa monga alili m'mapasipoti, ndipo inavomera kuti visa ikakanika tikhoza kusintha masiku. Inshuwalansiyo muonetsetse kuti yatchula masewera a pa chipale. Khadi la GHIC, la zachipatala lomwe okhala ku Britain amayenda nalo ku Ulaya, limathandiza ku zipatala za boma, koma silimalipira okutsitsani kuphiri mukathyoka mwendo, ndipo madokotala ambiri a m'midzi ya ski ndi apulaiveti.

Loweruka lobwerera tinayenera kutuluka m'chipinda 10 koloko m'mawa pamene ndege yathu inali ya madzulo. Anatisungira zikwama, anatipatsa matawulo, n'kutilola kugwiritsa ntchito dziwe ndi chipinda chosewerera ana mpaka galimoto ya ku Innsbruck itafika, osatilipiritsa kanthu. Si hotela zonse zimachita zimenezi, choncho funsaninso zimenezo musanatumize dipoziti.