Makina otchetchera kapinga okankha ndi manja: ndemanga yanga patatha miyezi 8

Ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodzi ndachotsayo ndifotokoza chifukwa chake.

Ndinagula makinawa nditatopa ndi a injini amene ndinali nawo kale. Phokoso, utsi, ndi chingwe cholizira chija chimene umakoka mpaka phewa kuwawa. Awa safuna petulo kapena magetsi. Ukamakankha, matayala amazunguza mipeni 5 yopindika, ndipo mipeniyo imakanikiza udzu pa mpeni wina wosasuntha umene uli pansi. Udzu umadulidwa ngati ndi sizasi. Luso lake ndi lakale ndithu: Edwin Budding wa ku England ndiye anapanga makina oyamba a mtundu umenewu m'chaka cha 1830, atatengera nzeru ku makina osalazira nsalu m'fakitale.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kuwabweza. Kapinga anali atakula kufika m'akakolo chifukwa ndinamulekerera masabata atatu. Makina ankangogonetsa udzu pansi, ndikadutsa udzu n'kudzukanso ngati ukundiseka. Ndinatuluka thukuta kwa ola lathunthu popanda chooneka. Vuto silinali la makina ayi, linali langa. Makina amenewa satchetcha tchire. Ndinayamba ndagwetsa udzuwo ndi chikwakwa, n'kuusesa, kenaka patapita masiku atatu ndinadutsamo ndi makinawa. Apa ndiye anayenda bwinobwino.

Chimene ndaphunzira, chomwenso chasintha bwalo langa, n'chakuti makinawa amakukakamiza kutchetcha pafupipafupi. Odziwa za kapinga amati usamadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu nthawi imodzi. Kale lamulo limeneli ndinkalimva koma sindinkalitsatira, chifukwa makina a injini amameta chilichonse ngakhale utachedwa mwezi. Ukameta kwambiri chotero umachotsa masamba amene udzu umapangira chakudya chake, mizu imafooka, pansi pamatsala zigamba zofiirira, ndipo udzu wachilendo umapeza mpata womera. Ndi awa palibe kuchitira mwina. Nyengo imene udzu ukukula msanga ndimatchetcha kawiri pa sabata, ikakhala nyengo youma kamodzi pa masiku khumi. Ndinawatchera kuti azisiya udzu wotalika masentimita 4, ndipo pansi pa mtengo pamene pali mthunzi ndimakweza pang'ono. Patatha miyezi iwiri kapinga anayamba kuyanga cham'mbali n'kutseka mipata imene ndinkaganiza kuti ndidzachita kubzalamo wina.

Mukathothola tsamba limodzi n'kuliyang'anitsitsa, muona kusiyana kwake. Mpeni wa makina a injini, makamaka ukabuntha, umachita kukwapula udzu, nsonga zake n'kunyenyeka, mawa lake bwalo lonse limaoneka lotuwa pamwamba. Mabala oterowo ndi amenenso matenda a udzu amalowera. Awa amadula mosalala, ndipo kapinga amakhala wobiriwira kuyambira tsiku lomwelo.

Anabwera ndi kathumba kolandirira udzu kumbuyo. Kameneka n'kachabechabe, kamagwa ukangokhota, ndipo theka la udzu limadutsa pambali. Ndinakachotsa sabata yachiwiri. Zinandikomera mwangozi, chifukwa tizidutswa ta udzu timakhala tating'ono, timalowa pansi n'kuwolerana, n'kubwezera nayitrojeni m'nthaka. Feteleza ndachepetsa. Kuthirira nakonso ndinasintha, ngakhale izi sizikukhudza makina: m'malo mowaza madzi pang'ono tsiku lililonse, ndimathirira mokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mamawa, kuti mizu izitsatira chinyezi pansi.

Tsopano zodandaula. Kamtengo kakang'ono ngati chala kakalowa pakati pa mipeni, makina amaima nthawi yomweyo, chogwirira n'kukugunda pamimba. Zandichitikira kokwanira moti masiku ano ndimayamba ndayendera bwalo lonse kutola timitengo ndi timiyala. Udzu wonyowa ndi mame sayenda nawo bwino, matayala amaterereka ndipo mipeni imamata. Mapesi aatali a udzu wotulutsa njere amangowerama n'kudzukanso, umachita kuwadula pawokha. M'mphepete mwa khoma amasiya kamzere kosadulidwa chifukwa matayala ali kunja kwa mipeni. Koma chimene chandichotsetsa nyenyezi ndi kabuku ka malangizo. Sikanena chilichonse za kutchera mipeni, pamene nkhani yonse yagona pomwepo. Mwezi wachinayi makina anayamba kutafuna udzu m'malo modula, ine n'kumaganiza kuti atha. Mnzanga wina amene amasamalira bwalo la masewera ndiye anandionetsa timabawuti tiwiri ta m'mbali timene timasendeza mpeni wapansi uja. Umamanga pang'onopang'ono, mbali zonse mofanana, kenaka n'kuika kapepala pakati ndi kuzunguza mipeni ndi dzanja mosamala. Kapepala kakaduka bwino kuyambira mbali ino mpaka inayo, ndiye kuti zatheka. Ntchito ya mphindi zisanu, koma wopanga sanaone chifukwa choilembera.

Kusamala kwake n'kosavuta. Ndikamaliza ndimachotsa udzu ndi burashi, kudonthezera oyilo m'malo ozungulira, n'kuwasunga pouma kuopa dzimbiri. Mpaka lero sindinanolepo.

Ngati bwalo lanu ndi laling'ono, losalala, ndipo mukhoza kupatula theka la ola kawiri pa sabata, agulani. Ngati ndi paki yaikulu, malo a mabampu ndi zitsa, kapena ndinu munthu wokumbukira kapinga pokhapokha alendo akamabwera, makinawa adzangokukwiyitsani. Ine a injini aja ndinapatsa mlamu wanga, ndipo tsopano ndimatchetcha m'mawa mame akangouma, mwana ali m'tulo m'chipinda cha pafupi ndi bwalolo osadzidzimuka.