Palazzo Doria Pamphilj ku Roma, nyumba ya banja limodzi koma zithunzi mpaka kudenga

Amene muli ndi ulendo wa ku Roma koma mizere ya ku Vatican ija ikukuopsani, ine ndingati pitani pa Via del Corso pafupi ndi Piazza Venezia, pali chinyumba amati Palazzo Doria Pamphilj. Ukangolowa pageti umafikira pabwalo la mitengo ya malalanje, phokoso la mumsewu lija zii.

Chinyumbachi si cha boma ayi, ncha banja mpaka lero ndipo ena akukhalabe momwemo. Tikiti imabwera ndi kachipangizo komvera kukhutu, ndiye amene amalankhula mu Chingerezi ndi a Jonathan Doria Pamphilj eni ake, amafotokoza monga munthu akukuonetsa kwawo, mpaka kuulula zoti ali mwana ankakalipiridwa chifukwa chothamanga ndi nsapato zamatayala pansi popolishidwa paja. Kameneko musakasiye, poti zithunzi anazipachika mothithikana kuyambira mmunsi mpaka kudenga mmene ankachitira makolo awo, ndiye popanda okulozerani mungozungulira khosi lili mmwamba osadziwa kuti muime pati.

Poima penipeni ndi mkachipinda kena kakang'ono momwe muli Papa Innocent X, wa m'banja lomweli, amene Velázquez anamujambula mu 1650. Eee mkulu ameneyu! Mpando wofiira, nsalu yakumbuyo yofiira, nkhope nayo psuu, kapepala kali m'dzanja lamanzere, maso akukuyang'ana cham'mbali ngati ahedi akugwira ndi likasa pamayeso. Pambali pomwepo pali Papa yemweyo wosemedwa pamwala ndi Bernini koma uyo akuoneka wofatsa bwinobwino, ine ndinakhulupirira wa penti uja.

Chithunzi chojambulidwa ndi Caravaggio chomwe ndinakonda ndi cha ulendo wothawira ku Iguputo, Mariya watopa wagona mutu uli pa mwana, mngelo watipatsa msana akuliza vayolini, Yosefe nkhalamba yosavala nsapato yamugwirira buku la nyimbo kwinaku bulu akusuzumira kumbuyo, kadiso kake kokha kandikhalabe mmutu.

Galleria degli Specchi, khonde la magalasi ndi golide la m'ma 1730, ndi lokongola inde koma ndi pamene aliyense amaimikira foni, ine ndinangodutsa. Ana ang'ono atopa msanga muno, koma akuluakulu patulani maola awiri, valani nsapato zofewa ndipo lawirirani mmawa kuti kachipinda ka Papa kaja mukakapeze kopanda anthu.