Giyabokosi ya Surf mu Hilux LN106: mmene yayendera patatha chaka

Papita chaka ndi miyezi ingapo chichotsereni giyabokosi ya G52 mu Toyota Hilux yanga ya LN106, ya injini ya dizilo ya 3L, n'kuikamo R150F yochokera mu Hilux Surf ya LN130. G52 inali itayamba kulira maberingi ndiponso kutuluka yokha mu giya ya 5 galimoto ikasenza katundu, ndipo mtengo woikonzera unkafanana ndi wogulira ina yakale pa sikirapu. Giyabokosi yatsopanoyi ndiyokhutira nayo, koma sipidomita inatenga miyezi kuti ilongosoke.

Ogulitsa zipangizo amakonda kunena kuti giyabokosi ya Surf imangolowa mu Hilux popanda vuto, ndipo mawu amenewa ndi oona pa malo amodzi okha. Injini za 2L, 2L-T, 3L ndi 5L n'za banja limodzi, choncho bellhousing (chitsulo cholumikiza giyabokosi ku injini) ya Surf ya injini ya 2L-TE, yomwenso ndi ya banja lomweli, imakumana bwinobwino ndi mabawuti a 3L. Kuchokera pamenepo kupita kumbuyo, zinthu zimasiyana. Bellhousing ya G52 siimangika pa R150F. Shafuti yotulukira kumbuyo kwa G52 ili ndi mizere 21 pomwe ya R150F ili ndi 23, kutanthauza kuti transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) yakale singagwirizane ndi giyabokosi yatsopano, ndipo munthu ayenera kugula ziwirizi zili zomangana, pamodzi ndi foloko ya kilatchi, beringi yake, siliva (kasilinda kokankha folokoyo) ndi ndodo zonse ziwiri zosinthira magiya. Kwa ine panafunikanso kusintha mtanda umene giyabokosi imakhalapo, kukulitsa pang'ono bowo la pansi pa kabini, ndi kuyezanso mapuropushafuti onse awiri, omwe ndi mashafuti otengera mphamvu ku maekiselo. Puropushafuti yodulidwa n'kuwotcheredwa imafunika kuibalansa pa makina, apo ayi galimoto imanjenjemera ikathamanga ndipo imatha msanga makolosi, omwe ndi mfundo za puropushafutiyo.

Pa msewu kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene anthu amakambira. Giya ya 1 ya R150F ndi 3.83 (injini imazungulira maulendo 3.83 kuti shafuti yotulukira izungulire kamodzi) pomwe ya G52 ndi 3.93, ndipo popeza 3L ilibe tebo, kusiyana kumeneku kumamveka pang'ono ponyamuka pa chitunda galimoto itadzaza matumba a chimanga. Giya ya 5 ili pafupifupi chimodzimodzi, choncho amene akuyembekeza kupulumutsa dizilo asadzinamize. Phindu lenileni lili pa kulimba ndi pa giya yotsika ya 4x4: transfer case ya tcheni ya Surf imatsitsa ndi 2.57 pomwe yakale ya magiya inkatsitsa ndi 2.28, ndipo m'matope a dzinja kapena potsetsereka m'misewu ya fumbi ya kumapiri a Dedza galimoto imakwawa modekha popanda kupondaponda buleki. Kwa nthawi yonseyi giya siinatulukepo yokha, ndipo oyilo wa 75W-90 amene ndinakhetsa posachedwa anatuluka wopanda tizitsulo tochititsa mantha pa maginito ya pulagi.

Pa galimoto za 4x4 zimenezi sipidomita siiyendetsedwa ndi giyabokosi yeniyeniyo, koma ndi shafuti yakumbuyo ya transfer case. Pa shafutiyo pali giya yachitsulo yopotana imene imazunguza kagiya ka pulasitiki, ndipo kagiyako ndi kamene kamazunguza kebulo yopita ku dashibodi. Transfer case imene ndinagula inabwera ndi sensa ya magetsi ya mawaya atatu, pomwe dashibodi ya LN106 imafuna kebulo. Makaniko woyamba anazula sensayo n'kukakamizamo kagiya ka mu transfer case yakale. Muvi unayenda kwa masabata ochepa, kenako unayamba kudumphadumpha mpaka unagona pa ziro. Titakatulutsa kagiyako, mano ake anali atadyeka mbali imodzi yokha ngati chisononkho chimene mbewa yayamba kuchikukuta, umboni wakuti kupendekeka kwa mano akewo sikunkagwirizana ndi giya yachitsulo ya mkati. Kagiya ndi chubu chimene kamakhalamo ziyenera kuchokera mu transfer case ya mtundu womwewo, ngakhale zina zitaoneka kuti zikulowa pa bowo.

Titapeza chubu cha kebulo ndi kagiya ka Surf yakale, muvi unadzuka, koma unkanama. Foni ikamaonetsa liwiro la makilomita 80 pa ola kudzera pa GPS, muvi unkaloza cha pa 85 kapena kupitirira. Chifukwa chake chinali dife, magiya a mu ekiselo amene amazunguza matayala. Pa kachitsulo ka manambala kamene kali m'chipinda cha injini, nambala ya ekiselo yoyamba ndi G25 imatanthauza dife ya 4.56 (puropushafuti imazungulira maulendo 4.56 kuti tayala lizungulire kamodzi), ndipo G28 imatanthauza 4.30. Yanga ndi G25, pomwe kagiyako kanachokera mu galimoto ya G28. Sipidomita za ku Japan zimapangidwa kuti kebulo izungulire maulendo 637 pa kilomita imodzi. Tayala la 205R16 limazungulira maulendo pafupifupi 446 pa kilomita, choncho ndi dife ya 4.56 shafuti imazungulira maulendo oposa 2,030, ndipo magiya a sipidomita ayenera kutsitsa ndi pafupifupi 3.2. Ndi dife ya 4.30 pamafunika 3.0 yokha. Kusiyana kumeneku ndi makilomita 6 pa 100 alionse.

Ena anandiuza kuti ndingozisiya, poti muvi wonama mokweza umateteza munthu kwa apolisi apamsewu a kamera. Zimenezo n'zoona, koma makilomita owerengedwa nawonso amanama, ndipo munthu wochita geni ya mtengatenga amawerengera dizilo, malipiro a ulendo ndi nthawi yosinthira oyilo pa manambala omwewo. Kagiya ka mano ochulukirapo ndi kamene kamatsitsa muvi, ndipo titakapeza, sipidomita inayandikana ndi GPS mokwanira. Amene akuganiza zoika matayala a mainchesi 31 adziwe kuti vuto limatembenuka: tayala lalitali limachititsa muvi kuonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni, ndipo pamenepo ndi pomwe chindapusa chimabwera munthu akudziona ngati wosalakwa.

Vuto lina linaonekera mochedwa, nyengo yotentha ya mu Okutobala itafika. Muvi unayamba kugwedezeka pa liwiro lotsika, ndipo kuseri kwa dashibodi kunapezeka madontho a oyilo wa giya, amene fungo lake silisokonezeka ndi la oyilo wina. Kasili kakang'ono ka mkati mwa chubu kanali katauma, ndipo kebulo pozungulira inkakweza oyiloyo mpaka pa sipidomita. Kasiliko ndi mphira wozungulira wakunja kwa chubu n'zotsika mtengo, ndipo n'zofunika kuziika zatsopano tsiku lomwe chubu chakale chikumangidwa. Kebulo nayonso inafunika kudutsitsidwa njira ina, chifukwa malo olowera pa transfer case ya Surf sali pomwe panali akale, ndipo inali itapindika kwambiri pafupi ndi paipi ya utsi. Tinaika ina yotalikirapo n'kuimangirira ku chasisi kutali ndi kutenthako, ndipo kuyambira pamenepo muvi sunagwedezekenso.