Hubstaff imawerenga bwino nthawi, koma siidziwa ntchito

Hubstaff ndi pulogalamu ya pakompyuta imene Dave Nevogt ndi Jared Brown anaiyambitsa mu 2012 ku Indiana m'dziko la America, ndipo ntchito yake ndi kuuza bwana zimene antchito ake akuchita pa kompyuta nthawi ya ntchito. Ine ndinaiika pa makompyuta asanu ndi limodzi a mu ofesi yathu yaing'ono yosunga mabuku a ndalama za mabizinesi, ndipo chimene chinandikankha n'chakuti bandulo ya intaneti inkatha mwezi usanafike n'pakati pomwe, koma ndikafunsa pamsonkhano aliyense ankangoyang'ana pansi.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Wantchito akafika m'mawa amasankha ntchito imene akufuna kugwira n'kudina batani loyambitsa wotchi, ndipo kuyambira pamenepo pulogalamuyi imalemba mapulogalamu amene watsegula, masamba a pa intaneti amene wawayendera komanso nthawi imene wakhala pa tsamba lililonse. Imathanso kujambula zimene zili pa sikirini mpaka katatu pa mphindi 10 zilizonse, pa nthawi imene wantchitoyo sangaidziwiretu, ngakhale kuti bwana ali ndi ufulu wozimitsa zithunzizo kapena kuzichititsa khungu kuti mawu asawerengeke. Zimene munthu akulemba pa kiyibodi siizisunga, ndipo wotchi ikaimitsidwa siionanso chilichonse. Chimene ndinachiyamikira kwambiri n'chakuti netiweki ikadula, monga zimachitikira magetsi akathima, imasunga zonse m'kompyuta momwemo n'kudzazitumiza intaneti ikabwerera.

Pa nkhani ya bandulo inandithandiza, koma mwa theka chabe. Sabata yoyamba yomwe ndinaona kuti maola ambiri a masana ankathera pa YouTube ndi Facebook, makamaka Lolemba, pamene anyamata ankabwereza zigoli za mpira wa kumapeto kwa sabata. Komabe pulogalamuyi siiwerenga kuchuluka kwa data imene yapita, ndipo zithunzi zake zomwe zimadyanso bandulo pozitumiza. Anthu atadziwa kuti akuonedwa, masamba a zosangalatsa anazimiririka pa makompyuta n'kusamukira m'mafoni awo, kumene ine ndinalibe diso. Bandulo inayamba kufika kumapeto kwa mwezi, koma sindingaime pagulu n'kunena kuti ntchito yomalizidwa inachuluka.

Pamene pagona nkhani m'pa nambala imene pulogalamuyi imaika pafupi ndi dzina la wantchito aliyense. Imatenga mphindi 10, zomwe ndi masekondi 600, n'kuwerenga masekondi amene munthu wakhudza kiyibodi kapena mausi, kotero kuti amene wagwedeza zala masekondi 300 amapatsidwa 50 peresenti. Nambalayi n'njokopa, chifukwa bwana wotanganidwa amangoiponyera diso n'kuganiza kuti wadziwa waulesi ndi wakhama. Ineyo ndinatsala pang'ono kuitanitsa mayi wina amene wagwira nafe ntchito zaka zambiri, chifukwa nambala yawo inali pansi kuposa ya wina aliyense. Nditapita pa desiki yawo ndinawapeza ataweramira mulu wa malisiti, lula ili kumanzere, cholembera chofiira kumanja, akutsata mzere umodziumodzi kufunafuna pamene ndalama za msonkho wa VAT za kasitomala wina zinasiyana. Kompyuta inali duu kwa ola lathunthu, koma ntchito yofunika kwambiri ya tsikulo inali kugwiridwa pa desiki imeneyo, ndipo ndinabwerera kumpando wanga manyazi ali tho. Kulakwa kunali kwanga, poti pulogalamuyo inangonena zoona zimene inapangidwira, zakuti zala za mayiwo sizinakhudze kiyibodi.

Nambala yotere siivutanso kuinamiza. Mu 2024 banki ya Wells Fargo ku America inachotsa ntchito anthu oposa 12 powaganizira kuti ankanamizira kugwiritsa ntchito kiyibodi kuti azioneka ngati ali kalikiliki, ndipo tizipangizo togwedeza mausi tokha timagulitsidwa poyera pa intaneti. Bwana akamalipira kapena kudzudzula anthu potengera peresenti, amakhala akuphunzitsa antchito ake luso logwedeza zala.

Mtengo wa Hubstaff umawerengedwa m'madola a ku America pa munthu aliyense mwezi uliwonse, ndipo ngakhale kampaniyi imapereka masiku 14 oyesera mwaulere, aliyense amene anayesapo kulipira chinthu chakunja ndi khadi la banki m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja akudziwa kuti pamenepa pali chimtunda. Palinso nkhani ya malamulo. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act mu 2024, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira, ndipo chithunzi cha sikirini chingagwire mosavuta malipiro a antchito a kasitomala kapena uthenga wa m'banja la wantchito. Wofuna kuika pulogalamuyi ayenera kuyamba wauza antchito ake momveka bwino, makamaka polemba, zimene idzaone ndiponso amene adzaone zimenezo.

Imene ingapindule nayo kwenikweni ndi kampani yolipiritsa makasitomala potengera maola, kapena munthu wolemba ganyu anthu okhala kutali amene sangawaone maso ndi maso, chifukwa imasonyeza bwino lomwe maola amene apita pa ntchito ya kasitomala aliyense. Kwathu ndinazimitsa zithunzi, ndinasiya kuyang'ana peresenti, ndipo ndinangotsala ndi wotchi yokha, imene mwezi wathawu inatisonyeza kuti kasitomala amene timamulipiritsa ndalama zochepa kwambiri ndiye amatidyera maola ambiri kuposa onse.