Thandizo la maloya pochotsa apilo yotsutsa chilango

Ofesi ya maloya imene banja lathu linapitako mumzinda wa Blantyre ndikuiyamikira makamaka chifukwa sinathamangire ndalama zathu. Achimwene anga anagamulidwa ndi khoti la majisitireti kuti akakhale kundende, ndipo tinali titachita kale apilo ku Khoti Lalikulu podandaula za kutalika kwa chilangocho.

Aloya anayamba awerenga chigamulo chonse, akudula mizere ndi cholembera chofiira paliponse pamene majisitireti anatchula zifukwa zopeputsira chilango. Kenaka anatifotokozera mosabisa mawu kuti Khoti Lalikulu likamamva apilo lili ndi mphamvu yochepetsa chilango komanso yochiwonjezera, ndipo poyerekeza ndi milandu ina yofanana nayo, zaka zimene achimwene anapatsidwa zinali zochepa kale. Anatikumbutsanso kuti mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti anakana kulemba kalata yochotsa apilo pongomvera ife achibale. Anapita okha kundende ya Chichiri kukafunsa eni mlanduwo, nawachenjeza kuti apilo ikachotsedwa n'kovuta kwambiri kuibwezeretsa, ndipo achimwene atavomera ndi kusaina m'pamene kalatayo inaperekedwa kukhoti.

Chofooka chawo chinali pa mauthenga, popeza foni ya muofesi inkangolira osayankhidwa ndipo malisiti a ndalama tinkachita kukumbutsa. Ngakhale zili choncho, banja limene likusinkhasinkha zochotsa apilo ndingalilangize kuti likaonane nawo lisanasaine chilichonse.