Mafuta a maolivi a Sindyanna of Galilee, ndawakonda

Abale anga okonda kuphika, mafuta awa ngabwino zedi. Ndi extra virgin, kutanthauza mtundu wapamwamba kwambiri wa mafuta a maolivi, ochokera ku Israel, amapangidwa ndi Sindyanna of Galilee, bungwe lomwe linayamba mu 1996 ndipo likuyendetsedwa ndi azimayi achiarabu ndi achiyuda limodzi, likulu lawo lili ku Kafr Kanna, kuja ambiri amati ndi Kana wa mu Baibulo.

Chomwe chinandikoka mtima ndi minda yawo. Amadzala mitengo ya maolivi limodzi, nthawi yokolola cha mu Okutobala ndi Novembala anthu ongodzipereka a mbali zonse ziwiri amabwera kudzathyola nawo, m'dziko loti anthu ake akhala akumenyana zaka zambirimbiri, zimenezi si zazing'ono ayi. Phindu lake limapita ku maphunziro ndi ntchito za azimayi achiarabu.

Nde kukoma kwake! Ukangotsegula botolo kafungo ngati ka udzu wongodula kumene, ukalawa kamawawa pang'ono kenako kamakanda kukhosi mpaka kutsokomola, musaope, mafuta atsopano amatero. Ine ndimathira pa tomato ndi anyezi waiwisi ndi kamchere, kapena tisupuni tiwiri pa nyemba zikapsa, mwinanso kungoviika buledi basi.

Mtengo ndi wokwererapo monga amakhalira mafuta amtundu umenewu, nde osakazingira chipisi, kumeneko nkuwononga. Botolo muzisunga mu kabati kutali ndi sitovu ndi dzuwa kuti kafungo kaja kasathe. Ndigulanso ndithu.