STP mu draiva ya swichi: rejisita ya chip, kusoka wekha ndi mabiti, kapena kungotula zonse pa CPU?

Sabata yatha mvula ya kuno ku Mzuzu inanditsekera m'nyumba ku Katoto masiku awiri, ndiye nthawi yonseyo ndinathera pa draiva ya kaswichi kena ka ma port asanu, ndipo nkhani inali imodzi basi, ma state a spanning tree (STP), njira imene maswichi amatsekera ma port ena kuti netiweki isapange loop. Chinandiyambitsa ndi ofesi ina ku Luwinga komwe munthu anatenga kebo imodzi n'kulowetsa mbali zonse ziwiri pa swichi yomweyomweyo poganiza kuti akukonza, netiweki yonse inangoti zii, timagetsi ta ma port tikuphethira ngati ta Khirisimasi. Frame ya Ethernet ilibe TTL aise, kanambala kothetsa paketi ikazungulira kwambiri, broadcast ikalowa mu loop imazungulira mpaka wina azule kebo. Ndi vuto limene Radia Perlman anathana nalo mu 1985 ali ku DEC, kenako IEEE n'kulilemba mu 802.1D mu 1990.

Kwa amene simunagwirepo, draiva si imene imaganiza kuti port itsekedwe ayi. Amaganiza ndi bridge ya Linux (swichi ya software ya mu kernel) kapena mstpd (pulogalamu yoyendetsa STP kunja kwa kernel), iwe mwini draiva umangouzidwa kudzera pa port_stp_state_set ngati uli pa DSA (gawo la Linux loyendetsa ma chip a swichi), kuti port yakutiyakuti ipite pa disabled, blocking, listening, learning kapena forwarding. Ntchito yako ndi kuonetsetsa kuti chip chikumvera. Ndipo njira zomveretsa ndaona zitatu.

Yoyamba ndi ya ofewa manja, pamene chip chenicheni chikudziwa kale STP. Ma Marvell a mv88e6xxx ali choncho, mu Port Control muli mabiti awiri okha, 0 disabled, 1 blocking, 2 learning, 3 forwarding, ndipo listening ndi blocking zimagawana nambala imodzi chifukwa kwa chip palibe kusiyana, konse sikuphunzira ma MAC (ma adiresi a zipangizo za pa netiweki) komanso sikudutsitsa katundu. MT7530 ya MediaTek nayonso ili ndi rejisita yake ya state. Apa draiva ndi switch case ya mizere khumi ndi ingapo, walemba, wathana nazo. Koma chenjerani ndi manambala, a Linux sayenda mofanana ndi a chip: BR_STATE_LISTENING ndi 1, LEARNING 2, FORWARDING 3, BLOCKING ndi 4. Ukachita ulesi n'kungoponya nambala ya kernel mu mabiti awiri aja, 4 imaduka n'kukhala 0, port ija yapita pa disabled, siikumvanso ngakhale BPDU, timauthenga ta STP tomwe maswichi amatumizirana. Pa tebulo zimaoneka ngati zili bho chifukwa loop yatsekekadi, koma pakatha masekondi 20 a max age, nthawi yodikira BPDU, bridge imaganiza kuti swichi ya mbali inayo yamwalira, imayamba kutsegula port, kenako yamva BPDU yatsekanso, kumangobwerezabwereza choncho usiku wonse.

Yachiwiri ndi yomwe inandidyera masiku awiri aja. Chip chilibe mawu oti blocking, chimangokupatsa mabiti atatu oyatsa ndi kuzimitsa, kutumiza, kulandira, ndi kuphunzira, state umasoka wekha ngati telala wa mumsika waukulu. Ma KSZ a Microchip ndi otere, TX enable, RX enable ndi learning disable. Forwarding ndiyosavuta, tsegula zonse. Disabled tseka zonse. Mutu umayamba kuwawa pakatipa. Pa learning ukufuna port iziona ma frame kuti idziwe MAC ili kuti koma isadutsitse kanthu kupita kwa anzake, ndiye pa chip china kungoyatsa RX sikokwanira, umayenera kukonzanso mndandanda wa ma port omwe aloledwa kulankhulana, ndipo mndandandawo suli pa port imodzi, uli pa port iliyonse ya mu bridge, ndiye state ya port 2 ikasintha ukulembanso marejisita a 1, 3 ndi 4, pa SPI kapena MDIO, njira yolankhulira ndi chip yoyenda ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo ukalakwitsa dongosolo, kutsegula iyi usanatseke iyo, wapanga kaloop ka kanthawi kochepa komwe sudzakagwira pa tcpdump, pulogalamu yoonera mapaketi. Kenako blocking. Watseka RX, chabwino, nanga BPDU ilowera pati? Mlonda watseka geti koma kalata ya amfumu iyenera kudutsabe. Ndiye pamafunika static entry ya 01:80:C2:00:00:00, adiresi imene ma BPDU amapitako, yolozera ku CPU port, yokhala ndi kabiti ka override koti iyi yokha idumphe chitseko. Ine ndinaiwala kabiti kameneka, ndipo khofi wa Mzuzu makapu anayi sanandikumbutse, anandikumbutsa ndi datasheet cha m'ma 2 koloko usiku. Ubwino wake njira iyi imagwira pa pafupifupi chip chilichonse, sindikuinyoza, koma imafuna munthu woyesa state iliyonse payokha ndi makebo enieni.

Yachitatu ndi yothawa nkhondo: osapereka bridge ku chip n'komwe. Port iliyonse imangolankhula ndi CPU, learning ya chip wazimitsa, bridge ya software ndiyo ikuona ma state onse. DSA imalola zimenezi, draiva ikakana port_bridge_join ndi EOPNOTSUPP imabwerera ku software. Cholakwika cha STP sichingakupeze kwenikweni apa. Koma tangoganizani karauta ka MT7621 ka 880 MHz, makompyuta awiri akukoperana mafayilo pa gigabit, paketi iliyonse ikwere kwa CPU n'kutsikanso pa msewu umodzi womwewo. Wagula swichi n'kuisandutsa wilibala. Poyambira draiva yatsopano ili bwino, kusiya choncho ayi.

Chimene chimagwetsa yoyamba ndi yachiwiri mofanana ndi fast age. Port ikachoka pa learning kapena forwarding kupita pa blocking, ma MAC amene inaphunzira ayenera kufufutidwa pompo, DSA imakuitanira port_fast_age, koma ngati sunailembe palibe amene akudandaulire. Chip chimapitiriza kutumiza katundu ku port yotseka mpaka ma entry akalambe okha, ndipo nthawi yake mwachizolowezi ndi masekondi 300. Mphindi zisanu anthu a mu ofesi akukuyang'ana, iwe ukulumbira kuti STP yagwira ntchito. Kuno magetsi akathima n'kuyakanso maswichi sadzuka limodzi, topology imasintha kangapo m'mphindi imodzi, ndiye fast age si chinthu choti udzalemba mawa.

Za kernel STP kapena mstpd sindichedwapo. Ya mu kernel ndi 802.1D yakale ija, listening masekondi 15, learning enanso 15, nthawi zina mpaka 50 ukaphatikiza max age. Ukafuna RSTP, STP yothamanga ya 802.1w ya 2001, yomwe inasiya ma state atatu okha, discarding, learning ndi forwarding, umaika mstpd ndi /sbin/bridge-stp. Draiva yako siisintha, imalandirabe manambala a BR_STATE omwewo, kungoti amabwera mothamanga, ndiye kusoka kosalongosoka kwa njira yachiwiri kuja kumaonekera msanga. Ndipo ngati m'tsogolo mukulota MSTP, state yosiyana pa gulu lililonse la ma VLAN (timanetiweki togawidwa pa swichi imodzi), mabiti atatu a port yonse aja sangakwanitse, mufunika chip chokhala ndi tebulo lake ngati STU ya Marvell.

Ine chip chikakhala ndi rejisita ya state ndimatenga yomweyo osayang'ana kumbuyo. Changachi chilibe, ndiye ndatsalira pa yachiwiri, ndipo kebo yofiira yoyesera loop ndaimangirira pa mwendo wa tebulo kuti asaibwerekenso anyamata a pa shopu yoyandikana nafe.